Mapiko ali m'mwamba, koma ntchito ili pansi

Kumpoto kwa dziko la Kenya, m'dera la Marsabit, chakum'mwera kwa nyanja ya Turkana, kuli mpata wa pakati pa phiri la Kulal ndi phiri la Nyiru kumene mphepo imaomba mwamphamvu pafupifupi chaka chonse. Kumeneko, mu Malichi 2017, kampani ya Vestas inamaliza kuimika makina 365 opukusa magetsi ndi mphepo. Makina amodzi amatulutsa makilowati 850, ndipo onse pamodzi amafika mamegawati 310. Zipangizo zake zinkatsikira padoko la Mombasa n'kuyenda pa malole ulendo wa makilomita oposa 1,000, ndipo kuti malolewo adutse panayamba pakonzedwa msewu wa makilomita oposa 200. Inali ntchito yolemetsa, m'dera louma ndi lamiyala, koma inatha pa nthawi yake. Kenaka makinawo anangokhala, osatumiza magetsi kwa munthu ndi mmodzi yemwe, mpaka mu Seputembala 2018. Mphepo inkaomba ngati kale, ndipo makinawo analibe vuto lililonse. Chimene chinalipo n'chakuti mawaya akuluakulu a makilomita oposa 420, ochokera ku Loiyangalani kukafika ku Suswa kufupi ndi Nairobi, anali asanathe.

Mawayawo inali ntchito ya KETRACO, kampani ya boma la Kenya yoona zoyendetsa magetsi mitunda italiitali, ndipo kontilakitala amene anapatsidwa ntchitoyo, kampani ya ku Spain ya Isolux Corsan, anagwa m'mavuto a ndalama mu 2017 ntchito ili pakati. Panalinso kukokanakokana pa chipukutamisozi cha eni malo amene mawaya ankadutsa. Makampani a ku China ndi amene anadzamaliza. Koma mgwirizano wogula magetsiwo unali wonena kuti eni makina akakhala okonzeka, boma osakonzeka, ndalama ziperekedwe ndithu. Choncho anthu a ku Kenya, kudzera m'misonkho ndi m'mabilu, analipira mabiliyoni a mashilingi chifukwa cha magetsi amene sanawalitse nyumba iliyonse. Zili ngati mlimi amene tomato wake wapsa munda wonse koma mlatho wopita kumsika sunamangidwe, ndipo wogula analonjeza kale kulipira dengu lililonse. Pulezidenti Uhuru Kenyatta anadzatsegulira malowa mu Julaye 2019, ndipo lero ndi amodzi mwa malo odalirika kwambiri a magetsi a mphepo mu Africa. Komabe chaka ndi theka chija sichiyenera kuiwalika.

Mfundo yanga ndi iyi. Tikamakamba za magetsi a mphepo, maso athu amathamangira ku nsanja zoyera ndi mapiko ozungulira, ndipo andale, mabanki ndi atolankhani amawerenga kupita patsogolo kwa ntchito powerenga nsanja zimene zaimikidwa. Koma chimene chimasandutsa nsanjazo kukhala magetsi ndi ntchito ya mainjiniya ndi amisiri a zamagetsi amene amakhala pamalo omangapo, m'ngalande, m'sabusiteshoni, m'kachipinda ka zipangizo zotetezera. Ntchito yawo siioneka pa chithunzi, imadya ndalama zochepa poyerekeza ndi makinawo, ndipo chifukwa cha zimenezi imapatsidwa nthawi yotsalira. Umboni wa m'mayiko angapo ukusonyeza kuti zinthu zikavuta, kawirikawiri zimavutira pomwepa. Ndiye kalendala ya ntchito iyenera kuyambira kumawaya kubwerera kumapiko, ndipo injiniya wa pamalopo ayenera kukhala ndi mphamvu yeniyeni yokana kuti magetsi asalowe mpaka atakhutira.

Kuti timvetsane, tiyende ndi magetsiwo kuchokera pamwamba. Mapiko akazungulira, jenereta ya m'mutu mwa nsanja imatulutsa magetsi, pa makina ambiri a mavoti pafupifupi 690. Magetsi otere sangayende mtunda wautali osatayika, choncho makina aliwonse ali ndi thiransifoma yake imene imawakweza kufika mavoti 33,000 kapena kufupi ndi pamenepo. Makina angapo amalumikizidwa pa mzere umodzi, ndipo mizere yonse imakathira ku sabusiteshoni ya malowo, kumene thiransifoma yaikulu imawakwezanso kufika mavoti 132,000, 220,000 kapena 400,000, malingana ndi mawaya a dzikolo. Ku Turkana mizereyi inayenda m'mwamba pa mapolo, koma m'malo ambiri imakwiriridwa pansi. Pambali pa kebulo ya magetsi pamayalidwanso kachingwe ka fibre kotumiza mauthenga ku kompyuta yoyang'anira makina onse, komanso waya wa kopa wosakutira wolumikiza zitsulo zonse ku nthaka. Injiniya wa pamalo ndi amene amaima pakati pa mapulani ojambulidwa mu ofesi yakutali ndi nthaka yeniyeni, imene sidziwa kuti pa pepala analembapo chiyani.

Taganizani za ngalande. Munthu wodutsa amaona dzenje lalitali lakuya pafupifupi mita imodzi, ntchito imene angaiyese ya aganyu. Koma kebulo ikanyamula magetsi imatentha, ndipo kutenthako kumayenera kuthawira m'dothi. Dothi lachinyezi limachotsa kutentha bwino. Dothi louma, lamchenga wogumuka kapena lodzaza miyala yosiya mipata limakusunga. Wojambula mapulani anasankha kukula kwa kebulo potengera dothi limene linayezedwa pa malo owerengeka chabe. Zikapezeka kuti pa makilomita awiri dothi ndi lina, wodziwa zimenezo ndi amene waima m'mphepete mwa ngalandeyo, ndipo ndi iyeyo amene ayenera kuimitsa ntchito, kuyezetsa dothilo, n'kulamula kuti pabwere mchenga woyenera woyala pansi ndi pamwamba pa kebulo. Akapanda kutero palibe chimene chingaoneke tsiku limenelo, ngakhale chaka chimenecho. Kebulo imangotentha mopitirira pang'ono nthawi iliyonse mphepo ikakula, pulasitiki yokutira n'kumakalamba msanga, mpaka tsiku lina n'kuphulika pansi pa nthaka, kontilakitala atachoka kalekale. Chimodzimodzinso pokoka kebulo kuchoka pa dilamu: ikakokedwa ndi mphamvu yopyola muyezo, ikapindidwa pa kona yothina, kapena mwala wakuthwa ukang'amba chikopa chake chakunja madzi n'kuyamba kulowa, chilema chimakwiriridwa limodzi nayo.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi polumikiza. Kebulo imachokera kufakitale itayezedwa, ndipo kawirikawiri imakhala yabwino. Koma malo opangira magetsi a mphepo amakhala ndi mfundo mazanamazana: paliponse pamene dilamu imodzi yathera ina n'kuyambira, paliponse pamene kebulo ikulowa mu thiransifoma kapena mu switchi. Mfundo iliyonse imapangidwa ndi manja, pamalo pomwepo, nthawi zina m'dzenje, fumbi likuuluka, chifukwa malowa anasankhidwa dala kuti ndi amphepo. Mmisiri amasenda kebulo chikopa ndi chikopa potsata miyezo ya mamilimita. Pali kachikopa kakuda kopyapyala kamene kamamatirira pa pulasitiki yoyera yotchinga magetsi, ndipo pokachotsa mpeni ukangolowa pang'ono n'kusiya kamzera, kapena kafumbi kakatsalira, kapena mpweya ukatsekeredwa mkati, pamenepo mavoti 33,000 amayamba kuthetheka tizimoto tosaoneka ndi maso. Tizimototo timadya pulasitikiyo pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Mfundo ikaphulika, mzere wonse umazima, makina khumi kapena kuposa n'kuima kudikira kuti pofooka papezeke, pakumbidwe, pakonzedwe. N'chifukwa chake injiniya wosamala amafuna kuona satifiketi ya mmisiri aliyense, amamuuza ayambe wapanga mfundo yoyeserera n'kuidula kuti aione mkati, amafuna tenti pamwamba pa dzenje, ndipo amalemba dzina la wopanga pa mfundo iliyonse ndi malo ake enieni.

Wina angaone ngati tikukulitsa nkhani ya mpeni. Ayang'ane ku Jiuquan m'chigawo cha Gansu ku China, kumene makina a mphepo ankaimikidwa mwaliwiro losaonekapo n'kale lonse. Mu Febuluwale 2011, mutu wa kebulo ya mavoti 35,000 pa malo amodzi unachita shoti. Mphamvu ya magetsi inagwa kwakanthawi m'dera lonselo, ndipo makina pafupifupi 600 anadzichotsa pa mawaya a dziko, mamegawati oposa 800 n'kusowa nthawi imodzi. Zoterezi zinachitikanso mu Epulo chaka chomwecho. Oyang'anira magetsi m'dzikolo atafufuza analoza zinthu ziwiri: ntchito yosalongosoka pa mitu ya makebulo, ndi makina amene analibe luso lopirira magetsi akagwa kwakanthawi. Malamulo anakhwimitsidwa ndipo makina ambiri anakonzedwanso. Mfundo imodzi yopangidwa mothamanga inagwedeza magetsi a chigawo chonse.

Za kulumikiza zitsulo ku nthaka ndinena mwachidule, ngakhale ndi zimene zimasunga moyo. Nsanja yachitsulo yoima pamtunda popanda mtengo imaitana mphezi, ndipo mpheziyo iyenera kupeza njira yophweka yolowera pansi, kuchokera kunsonga ya phiko mpaka ku zitsulo za m'maziko ndi mawaya a kopa ozungulira mazikowo. Muyezo umene ambiri amatsata ndi wakuti pa nsanja iliyonse kukana kwa nthaka kusapitirire ma ohm 10, chinthu chovuta zedi pamwamba pa phiri la thanthwe. Zolumikiza za m'maziko zimayenera kuonedwa ndi kuyezedwa konkire isanathiridwe, popeza ikauma palibenso wobwerera. Apa mpamene injiniya wa magetsi amakangana ndi wa zomangamanga, malole a konkire atafika kale. Ndipo nkhani si makina okha: shoti ikachitika, nthaka yozungulira nsanja kapena mpanda wa sabusiteshoni imatha kukhala ndi magetsi opha mbusa kapena ng'ombe yongodutsa.

Ndiye pali sabusiteshoni. Anthu ambiri sadziwa kuti malo opangira magetsi a mphepo amayamba alandira magetsi asanapereke. Makina amafuna magetsi kuti atembenuze mutu kuyang'ana kumphepo, kuti apendeketse mapiko, kuti makompyuta ake adzuke. Choncho tsiku lalikulu pa ntchito yonse ndi limene kampani ya magetsi ya dziko imalola kuti magetsi ake alowe mu thiransifoma yaikulu, kenaka mzere ndi mzere mpaka ku nsanja yomaliza. Tsikulo lisanafike pamakhala masabata a kuyeza. Mafuta a thiransifoma amayezedwa ngati ali ndi chinyezi. Kebulo iliyonse imapatsidwa mavoti oposa a masiku onse kuti ngati pali pofooka paphulike pamene palibe chowonongeka. Mawaya atatu a mzere uliwonse amatsimikizidwa kuti sanasinthanitsidwe panjira. Ndipo pali ma relay, tizipangizo toyang'anira magetsi timene timalamula switchi kuti idule pakachitika vuto. Aliwonse amathiridwa magetsi oyeserera kuti aoneke ngati akudula pa muyezo woyenera, pa nthawi yoyenera, ndiponso switchi yoyenera. Mawaya awiri opyapyala akasinthanitsidwa kumbuyo kwa kabati, relay imaona vuto pamene palibe, kapena imakhala chete thiransifoma ikupsa.

Manambala olembedwa m'zipangizo zotetezera ngati zimenezi ndi amene anathandiza kuzimitsa chigawo chonse cha South Australia pa 28 Seputembala 2016. Namondwe anagwetsa nsanja za mawaya akuluakulu, ndipo mphamvu ya magetsi inagwa n'kudzuka kasanu ndi kamodzi m'mphindi ziwiri zokha. Makina a mphepo akanatha kupirira kugwa kulikonse pakokha. Koma ambiri mwa iwo anali ndi lamulo lolembedwa mkati lakuti kugwaku kukabwerezeka kangapo m'nthawi yochepa, adziteteze posiya kupereka magetsi. Malo asanu ndi anayi anachepetsa mamegawati 456 m'masekondi osakwana asanu ndi awiri. Mawaya a Heywood, obweretsa magetsi kuchokera ku Victoria, analemedwa n'kudula, ndipo makasitomala pafupifupi 850,000 anatsala mumdima. Bungwe la AEMO, loyendetsa magetsi m'dzikolo, linanena mu lipoti lake kuti silinkadziwa za lamulo limeneli. Manambalawo atasinthidwa, makina omwewo anayamba kupirira. Ku Britain, pa 9 Ogasiti 2019, mphezi inagunda mawaya kumpoto kwa London, ndipo malo a m'nyanja a Hornsea One, amene anali asanamalizidwe n'komwe, anataya mamegawati 737 chifukwa makompyuta ake oyang'anira mphamvu ya magetsi anasokonezeka. Siteshoni ya gasi ya Little Barford inagwanso nthawi yomweyo. Makasitomala pafupifupi 1 miliyoni anazimiridwa, sitima zapamtunda zinaima, ndipo eni Hornsea anadzalipira mapaundi 4.5 miliyoni.

Apa wotsutsa woyamba amadzuka n'kunena kuti zonsezi zikungosonyeza kuti magetsi a mphepo ndi osadalirika, ndipo dziko lanzeru lingowasiya. Muli choonadi pang'ono chimene sitiyenera kubisa. Makina a mphepo amalumikizidwa ku mawaya kudzera mu zipangizo zoyendera kompyuta, ndipo sakhala ndi kulemera kwa jenereta yaikulu ya madzi kapena ya malasha imene imapitiriza kuzungulira magetsi akagwedezeka, n'kupatsa dziko masekondi opumira. Kuchuluka kwa makina otere kumafuna kusamala kwina. Koma tiyang'ane chimene chinavuta m'nkhani zonse zitatu. Ku Gansu unali mutu wa kebulo ndi luso limene makina akanayenera kukhala nalo. Ku South Australia inali nambala imene oyendetsa magetsi sankaidziwa. Ku Britain inali pulogalamu ya kompyuta, ndipo siteshoni ya gasi inagwa limodzi popanda wonena kuti gasi asiyidwe. Zonsezi zinakonzedwa popanda kugwetsa nsanja ndi imodzi yomwe. Chimene zikutiuza n'chakuti magetsi a mphepo amalanga msanga munthu wosasamala, ndipo kusamalako kumachitikira pamalo omangapo, makina asanaperekedwe kwa eni ake.

Wotsutsa wachiwiri ndi wa ndalama, ndipo mawu ake ndi olemera. Iye amati makina ndi amene amadya mbali yaikulu ya ndalama zonse, kireni yoimikira nsanja imalipidwa tsiku ndi tsiku, banki ikuwerengera chiwongoladzanja, ndipo mgwirizano uli ndi chindapusa pa tsiku lililonse lochedwa. Zipangizo zinayezedwa kale kufakitale. N'chifukwa chiyani tiziyezanso masabata atatu? Yankho n'lakuti fakitale inayeza kebulo ili pa dilamu, thiransifoma isanagwedezeke pa msewu wa makilomita 1,000, relay isanalumikizidwe ku chilichonse. Chimene chimayezedwa pamalo ndi ntchito ya pamalo, imene fakitale sinaione. Komanso wa ndalamayu akuwerengera mbali imodzi. Makina amodzi akawonongeka, mwini amataya magetsi a makina amodzi. Mzere ukaphulika amataya a makina khumi. Thiransifoma yaikulu ikapsa amataya onse, ndipo thiransifoma yotere siigulidwa m'sitolo. Imapangidwa mochita kuitanitsa, ndipo kudikira kwake kumatha chaka kapena kuposa. Mbali yotsika mtengo ya ntchito ndi imene yanyamula chiopsezo chachikulu. Ndikuvomereza kuti pali mainjiniya ena amene amachedwetsa ntchito chifukwa cha mantha kapena chifukwa chokonda mapepala, ndipo mwini ali ndi ufulu wofunsa kuti kuyeza kulikonse kukuteteza chiyani. Koma funso limenelo lifunsidwe poyamba, polemba mgwirizano, osati usiku woti mawa nduna ikubwera kudzadula riboni.

Vuto ndi lakuti ntchito ya magetsi imakhala kumapeto kwa mzere. Msewu ukachedwa ndi mvula, maziko amachedwa. Maziko akachedwa, nsanja zimachedwa. Koma tsiku loyamba kugulitsa magetsi silisuntha. Masabata onse otayika kumayambiriro amadzabwezedwa pa anthu omaliza, amene ndi olumikiza makebulo ndi oyeza ma relay. Iwo ndi amene amauzidwa kuti agwire usiku, aphatikize mayeso awiri, asaine lero zotsalazo adzamalize magetsi atalowa. Pamenepa mpamenenso ngozi zimachitikira, chifukwa mbali ina ya malowo imakhala ili ndi magetsi pamene ina ikumangidwabe, ndipo kebulo imene dzulo inali yakufa lero ili moyo. Dongosolo la chilolezo cholembedwa, loko pa switchi, kiyi m'thumba la wogwira ntchitoyo, kuyeza kuti magetsi mulibedi, ndi kumangirira waya ku nthaka munthu asanagwire, limaoneka lotopetsa kwa wothamanga. Injiniya amene malipiro ake ndi ntchito yake yamawa zili m'manja mwa kontilakitala wothamangayo amavutika kukana. N'chifukwa chake ndikuona kuti mwini wa malo, komanso kampani ya magetsi ya dziko, ayenera kukhala ndi injiniya wawowawo pamalopo, amene siginecha yake ndi yofunika magetsi asanalowe, ndipo amene sangachotsedwe ntchito ndi munthu amene wamukaniza.

Wotsutsa wachitatu amabwerera ku Kenya n'kunena kuti kuchedwa kuja sinali nkhani ya mainjiniya ayi: kontilakitala anagwa, chipukutamisozi chinavuta, ndalama za boma zinachedwa. Akunena zoona, ndipo palibe injiniya wa pamalo akanapulumutsa Isolux Corsan. Koma chimene chinalola kuti makina 365 aime kudikira mawaya ndi kaganizidwe komwe kaja, kowerenga nsanja n'kumaona mawaya ngati zomalizitsira. Nsanja zimaimikidwa pa malo amodzi, ndi kampani imodzi, m'chaka chimodzi. Mawaya a makilomita 400 amadutsa m'minda ndi m'mabusa a anthu masauzande, ndipo aliyense ali ndi ufulu womvedwa ndi kulipidwa. Aliyense wodziwa ntchitoyi amadziwa kuti mawaya ndi amene amatenga nthawi, ndiye ndi amene amayenera kuyamba, ndipo makina aitanitsidwe potengera pamene mawaya afika. South Africa inaphunzira zomwezi mwa njira ina. Kuyambira 2011 dzikolo linamanga malo ambiri a mphepo kudzera m'mipikisano ya makampani, monga Jeffreys Bay ya mamegawati 138 ndi Loeriesfontein ndi Khobab za mamegawati 140 iliyonse. Koma pa mpikisano wachisanu ndi chimodzi, mu 2022, boma linkafuna mamegawati 3,200 a mphepo ndipo silinasankhe ntchito ya mphepo ndi imodzi yomwe, chifukwa mawaya a Eskom, kampani ya magetsi ya dzikolo, m'zigawo za Cape, kumene kuli mphepo, analibenso malo. Izi zinachitika dzikolo likuzimitsa magetsi mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza kwambiri, ndicho za amene amatsala ntchito ikatha. Pa ntchito zambiri zotere mu Africa, anthu a m'deralo amalembedwa kukumba ngalande, kulondera ndi kuyendetsa galimoto, pamene olumikiza makebulo ndi oyeza ma relay amabwera pa ndege, kugwira miyezi itatu, n'kubwerera ndi luso lawo, nthawi zina ndi mafayilo a manambala omwe. Ena amati palibe vuto, popeza katswiri akhoza kuitanidwanso, ndipo kuphunzitsa munthu pa ntchito ya miyezi yochepa n'kutaya nthawi. Koma malowa amamangidwa kuti agwire zaka 20 kapena kuposa, ndipo mfundo imene idzaphulike m'chaka chachisanu ndi chitatu idzafuna munthu wodziwa kuti ili pati, anaipanga bwanji, ndipo angaikonze bwanji mawa lomwe. Nthawi yokhayo imene munthu angaone mkati mwa zonsezi ndi pamene ngalande zili zotsegula ndipo makabati sanatsekedwe. Mgwirizano umene ukunena za kulemba ntchito anthu a m'dziko uzitchula mayina a ntchitozo, ndipo mapulani osonyeza mmene zinthu zinayalidwiradi, osati mmene zinajambulidwira poyamba, aziperekedwa ndalama zomaliza zisanalipidwe.

Malawi alibe malo aakulu a magetsi a mphepo olumikizidwa ku mawaya a ESCOM, koma funso ili latifikira kale kudzera m'magetsi a dzuwa. Siteshoni ya Salima ya mamegawati 60 inayamba mu 2021, ndipo ya Golomoti ya mamegawati 20, yokhala ndi mabatire, inatsatira mu 2022. Zonsezi zimalumikizidwa kudzera mu zipangizo zoyendera kompyuta, monga mmene makina a mphepo amachitira. Pamene namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tinaona kuti kwa ife nambala imeneyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi. Ku Britain mamegawati 737 a Hornsea anali kachigawo kochepa ka magetsi a dziko lonse, komabe anathandiza kuimitsa sitima. Pa mawaya aang'ono ngati athu, malo a mphepo a mamegawati 50 okha akadzichotsa mwadzidzidzi chifukwa cha nambala yolakwika mu relay, kugwedezeka kwake kungakhale kwakukulu kuposa pamenepo. Choncho tsiku limene kampani idzabwere ndi mapulani a makina a mphepo pa mapiri athu, ESCOM ndi MERA adzafunika kufunsa sabusiteshoni imene magetsiwo adzalowere ndi amene adzamange mawaya ofika kumeneko, kupempha mndandanda wonse wa manambala otetezera a m'makinawo asanasaine, ndi kutumiza mainjiniya awo, pamodzi ndi ophunzira a ku MUBAS ndi a m'makoleji a ntchito zamanja, kuti akakhale pamalopo kuyambira tsiku lokumba ngalande yoyamba.